Ubweya wa nkhosa, thonje, poliyesitala kapena nthenga: kusankha chofunda ndi chovala cha nyengo yozizira

Mwezi wa Meyi ukamatha, mabelo a majuzi ndi mabulangete amayamba kutsegulidwa m'misika, ndipo wogula aliyense amafinya nsalu m'manja n'kufunsa ngati ndi yotentha. Funso limeneli ndi loperewera. Nsalu iliyonse yokhuthala imatenthetsa ikakhala yatsopano ndiponso youma. Kusiyana kumaoneka pambuyo pake: thukuta likatuluka pakati pa usiku, chiperoni chikagwa masiku atatu otsatizana, bulangete likachapidwa kachitatu, kapena kakhala ka moto kakathetheka pa mbaula n'kugwera pamwendo.

Ubweya wa nkhosa umapambana pa zambiri mwa zimenezi, koma si wa nyumba iliyonse. Umafuna kuchapidwa mwa njira yake ndi kusungidwa mwa njira yake, ndipo amene sangathe ziwirizi ndalama zake zimangolowa m'madzi.

Zoyenera kuyang'ana musanatulutse ndalama

Choyamba ndi mmene nsalu imasungira kutentha. Palibe nsalu imene imapanga kutentha payokha. Kutentha kumachokera m'thupi, ndipo ntchito ya chofunda ndi kukola mpweya pakati pa timaulusi take kuti usathawe. Pa mabulangete ndi maduveti (zofunda zokhuthala zoikidwa ulusi kapena nthenga m'kati) ena amalembapo gsm, amene ndi magalamu a nsalu pa sikweya mita imodzi. Bulangete la masentimita 200 m'lifupi ndi 230 m'litali ndi masikweya mita 4.6, choncho likakhala la 400 gsm limalemera pafupifupi makilogalamu 1.8. Nambala imeneyi imathandiza poyerekeza mabulangete a mtundu umodzi basi. Bulangete lolemera kwambiri koma lophwatalala limasunga mpweya wochepa kusiyana ndi lopepuka lofufuma.

Chachiwiri ndi chinyezi, ndipo apa ndi pamene nsalu zimasiyana kwambiri. Thupi limatulutsa nthunzi usiku wonse ngakhale kunja kukuzizira. Ubweya wa nkhosa umatha kuyamwa chinyezi chofika pa 30 peresenti ya kulemera kwake usanayambe kumveka kunyowa m'manja, chifukwa madziwo amalowa m'kati mwa kaulusi, osati kukhala pamwamba. Pa tsiku wamba thonje limasunga pafupifupi 8 peresenti, akiriliki (ulusi wopangidwa m'fakitale wooneka ngati ubweya) 1 kapena 2 peresenti, pamene poliyesitala safika ngakhale 1 peresenti. N'chifukwa chake munthu wofunda poliyesitala wokhuthala amayamba ndi kutenthedwa, kenako n'kudzuka m'bandakucha msana uli chinyezi, akuzizidwa.

Chachitatu ndi moto. M'nyumba zambiri nyengo yozizira ndi nyengo ya mbaula, nkhuni ndi kandulo, ndiye nkhaniyi si yopepuka. Ubweya wa nkhosa umayaka kutentha kukafika madigiri 570 mpaka 600, ndipo umafuna okosijeni wa pafupifupi 25 peresenti kuti lawi lipitirire, pamene mpweya umene timapuma uli ndi 21 peresenti yokha. Mukauchotsa pa lawi nthawi zambiri umazima wokha. Thonje limagwira moto msanga. Poliyesitala amasungunuka pa madigiri pafupifupi 255 n'kumatirira pakhungu.

Chachinayi ndi mmene nsalu imamvekera pakhungu. Chachisanu, chimene ambiri amachiiwala ali pa msika, ndi kuchapa: ndani adzachape, ndi sopo wanji, ndi madzi ochuluka bwanji, ndipo adzayanika pati. Chomaliza ndi mtengo, koma osati wa tsiku logula lokha. Gawani mtengowo ndi zaka zimene chinthucho chingakhale m'nyumba mwanu, poganizira mmene inuyo mumachapira ndi kusungira zinthu.

Ubweya wa nkhosa weniweni

Mtengo: Bulangete latsopano la ubweya wokhawokha limadula kangapo kuposa la poliyesitala la kukula komweko. Zifukwa zake n'zomveka. Nkhosa ya merino imametedwa kawirikawiri kamodzi pa chaka n'kupereka makilogalamu anayi kapena asanu, ndipo akachotsa mafuta, fumbi ndi zitsotso, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limapita. Chotsalacho ndi bulangete limodzi lalikulu, mwina ndi juzi pamwamba. Chimene chimabweza ndalamayo ndi kukhalitsa: timaulusi ta ubweya ndi topotana mwachibadwa, tikapsinjidwa timadzukanso, ndipo bulangete losamalidwa bwino limadutsa zaka khumi osaphwa. Pa kaunjika nkhani imasintha. Juzi ya ubweya weniweni nthawi zambiri imagulitsidwa mtengo wofanana ndi ya akiriliki yomwe ili pambali pake, chifukwa ogulitsa amayika mtengo poyang'ana maonekedwe. Odziwa kuwerenga lebulo ndiwo amapindula.

Kapezekedwe: Nkhosa zoweta ku Malawi, zamchira wonona zija, zili ndi bweya waufupi wosalukika, ndipo Dorper, imene inapangidwa ku South Africa chifukwa cha nyama, imayoyola yokha ubweya wake. Choncho ubweya wolukira umachokera kunja. Australia ndiyo imatsogola pa ubweya wosalala wa merino, ndipo China ndi New Zealand nawonso amapanga wambiri. Pafupi ndi ife pali South Africa, kumene merino inafika mu 1789 ndipo msika waukulu wa ubweya uli mu mzinda wa Gqeberha (kale Port Elizabeth), komanso Lesotho. Kunoko zatsopano zimapezeka m'masitolo ochepa a m'mizinda kapena kudzera mwa amalonda opita ku Johannesburg. Gwero lalikulu ndi kaunjika, kaya ku Limbe, ku Tsoka mu Lilongwe, ku Mzuzu, kapena salaula wa ku Chipata.

Pamenepa pamafunika maso. Lebulo ikhoza kulembedwa wool, laine, Wolle, Schurwolle, lana kapena lã, malinga ndi dziko limene chovalacho chachokera. Zilembo WO ndi WV zikuimira ubweya, PES ndi poliyesitala, PAN ndi akiriliki, CO ndi thonje. Chizindikiro cha Woolmark, chimene chinayamba mu 1964, chimaikidwa pa zinthu za ubweya watsopano wokhawokha. Dziwaninso kuti ulusi wolukira umene umagulitsidwa m'mashopu ambiri n'kumatchedwa wulu nthawi zambiri ndi akiriliki.

Lebulo ikadulidwa, pemphani wogulitsa kuti musolole timaulusi tiwiri kapena titatu m'kati mwa msoko, mutipanire ndi kawaya n'kutiyatsa ndi machesi pamwamba pa mbale. Ubweya umanyeka pang'onopang'ono, umanunkha tsitsi lopserera, umazima wokha, ndipo kaphulusa kake kakuda kamanyenyeka mukakafinya ndi zala. Thonje limayaka mofulumira ndi fungo la pepala lopsa n'kusiya phulusa lotuwa lofewa. Poliyesitala ndi akiriliki amakhwinyata, amasungunuka, n'kusiya kambulu kolimba kosaphwanyika. Mukatsimikiza kuti ndi ubweya, kwezani chovalacho kudzuwa muone ngati chili ndi timabowo, makamaka m'khwapa, m'khosi ndi m'mapindiro. Yang'ananinso maluko ake. Ngati sakuonekanso bwino, nsalu yalimba, ndipo lebulo ikuti L koma juziyo ndi ya mwana wa sitandade 5, ndiye kuti inachapidwa molakwika ndipo siingabwererenso.

Kasamalidwe: Ubwino wake ndi woti safuna kuchapidwa pafupipafupi. Ubweya sugwira fungo msanga, choncho juzi yovalidwa pamwamba pa malaya imangofuna kuyanikidwa pamphepo usiku umodzi. Bulangete loyalidwa pamwamba pa nsalu ya pabedi limachapidwa kamodzi kapena kawiri pa chaka, koma kulikung'untha ndi kuliyanika pamphepo sabata iliyonse.

Tsiku lochapa ndi limene limapha ubweya wambiri. Kaulusi kalikonse kali ndi mamba ngati a nsomba. Pakakumana madzi otentha, sopo waukali ndi kufikisa, mambawo amatseguka n'kukolana, timaulusi timakokana, ndipo nsalu imafupika n'kulimba mpaka kalekale. Choncho kumenyetsa pamwala, kufikisa ndi manja ndi kupotokola pofinya, zonse zimene zimayeretsa thonje, n'zimene zimaononga ubweya. Pochapa juzi imodzi, thirani malita 10 a madzi ozizira kapena ofunda pang'ono osapitirira madigiri 30 m'beseni, musungunulemo supuni imodzi yaikulu ya sopo wochapira ubweya kapena shampu wamba. Tembenuzani juziyo, muiviike mphindi 10, kenako muzingoikanikiza m'madzimo ndi zikhatho. Tsukuluzani kawiri ndi madzi ozizira kapena ofunda mofanana ndi oyambawo, chifukwa kuchoka m'madzi ofunda kupita m'ozizira kwambiri nakonso kumafupikitsa. Poitulutsa, inyamuleni yonse ndi manja awiri, chifukwa ubweya wonyowa ndi wofooka ndipo umatamuka. Ikulungeni m'thaulo, kanikizani kuti madzi alowe m'thaulomo, ndipo muiyale chogoneka pamthunzi, pa thandala loyalapo nsalu kapena pa tebulo. Juzi yonyowa ikapachikidwa pa chingwe manja ake amatalika. Bulangete liyanikidwe modutsa pa zingwe ziwiri kapena zitatu kuti kulemera kwake kugawike.

Sopo wa ufa wambiri amakhala ndi ma enzyme ochotsa madontho a magazi ndi a mazira, ndipo amadyanso ubweya chifukwa nawonso ndi puloteni. Sopo wamtanda ndi waukali kwa ubweya. Mankhwala oyeretsera a klorini monga Jik amausungunuliratu. Zovala zolembedwa superwash kapena machine washable zinakonzedwa kuti mamba aja asakolane, ndipo zimapirira makina pa pulogalamu ya ubweya.

Musayanike pansi kapena pa udzu. Ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zonyowa zili pamthunzi, makamaka za thukuta kapena mkodzo. Chovala chokhudza khungu chikauma, chisiteni mkati mwake ndi simbi yotentha pakatikati, mutayala kansalu konyowa pamwamba kuti ubweya usapserere kapena kunyezimira.

Zoopsa: Mdani wamkulu ndi njenjete. Kagulugufe kamene mumakaona sikadya nsalu, zimene zimadya ndi mphutsi zake, ndipo zimakonda malo a mdima, osagwedezeka, ndi ubweya wokhala ndi thukuta kapena dontho la ndiwo. Kuno zofunda zotentha zimapuma kuyambira Sepitembala mpaka Epulo, nthawi yokwanira kuti sutikesi yonse ibooledwe. Musanasunge, chapani, umitsani mpaka pasatsale chinyezi, ndipo muike m'thumba kapena m'bokosi lotsekeka bwino. Chogulidwa pa kaunjika chisasakanizidwe ndi zina chisanachapidwe. Amene ali ndi firiza yofika madigiri 18 pansi pa ziro akhoza kuchiika m'pepala la pulasitiki n'kuchisiya mmenemo sabata yathunthu. Amene alibe, azitulutsa zosungidwazo mwezi uliwonse, kuzikung'untha, kuzipesa ndi burashi m'misoko n'kuziika padzuwa ola limodzi kapena awiri. Dzuwa la tsiku lonse limachititsa ubweya woyera kusanduka wachikasu ndi kufooka.

Timibulu toyera ta naphthalene timathamangitsadi njenjete m'bokosi lotsekeka, koma ndi poizoni. Ana amatiyesa maswiti, ndipo fungo lake lokha likhoza kuswa maselo ofiira a magazi mwa anthu amene anabadwa ndi vuto la m'magazi la kuchepa kwa G6PD, lomwe ndi lofala mu Africa. Makanda ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Mayiko a European Union anatiletsa mu 2008. Zovala za mwana zisasungidwe nato.

Kuyabwa nakonso n'koona, ngakhale kuti nthawi zambiri si matenda. Kumachokera ku kukhuthala kwa kaulusi. Milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000. Merino wa zovala amakhala pakati pa ma micron 17 ndi 24, ndipo amapindika akakhudza khungu. Timaulusi topitirira ma micron 30 sitipindika, timabaya. Musanagule, gundikizani nsaluyo pakhosi kapena m'kati mwa mkono kwa mphindi imodzi, osati m'chikhatho momwe khungu ndi lolimba.

Vuto lomaliza silitchulidwa kawirikawiri: nsikidzi, nsabwe ndi mphere zimafuna madzi a madigiri 60, ndipo ubweya sungapirire zimenezo.

Ubweya wosakaniza

Mtengo: Uli pakati, ndipo umatsika ubweya ukamachepa. Chofunika ndi nambala ya pa lebulo. Chinthu cholembedwa kuti muli ubweya koma ndi 10 peresenti yokha chimagwira ntchito ngati akiriliki, ndipo chiyenera kugulidwa pa mtengo wa akiriliki.

Kapezekedwe: Zosakaniza ndi zochuluka kuposa ubweya wokhawokha, makamaka majasi, masuti ndi masokosi. Chizindikiro cha Woolmark Blend chimaikidwa pa zinthu za ubweya wosachepera theka. Mabulangete a Basotho, monga Seanamarena, amene amapangidwa ndi fakitale ya Aranda ku Randfontein pafupi ndi Johannesburg, alipo okhala ndi ubweya wambiri ndipo aliponso a akiriliki, mapatani ake ofanana. Wotuma m'bale kuti agule anene momveka kuti akufuna liti.

Kasamalidwe: Tsatirani malamulo a ubweya ngakhale utakhala theka lokha. Njenjete zimadya gawo la ubweyalo n'kusiya bowo chimodzimodzi.

Zoopsa: Akiriliki akachuluka, chitetezo cha ku moto chija chimachoka. Koma pali pamene kusakaniza kumaposa ubweya wokhawokha. Masokosi a ubweya wopanda china amabooka chidendene msanga, pamene okhala ndi nayiloni wa 20 mpaka 30 peresenti amakhalitsa, ndipo amaumitsabe phazi. Pa masokosi, sankhani osakaniza.

Thonje

Mtengo: Ndi wofikirika, ngakhale nsalu za pabedi za thonje lokhalokha zimadula kuposa zosakaniza ndi poliyesitala.

Kapezekedwe: Thonje ndi mbewu yathu, yolimidwa ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi madera ena otentha, ndipo nsalu zake zili paliponse, zatsopano ndi za kaunjika zomwe. Komabe zitenje ndi nsalu za pabedi zambiri zotsika mtengo masiku ano ndi poliyesitala. Thonje lenileni limakhwinyata mukalifumbata, ndipo dontho la madzi limalowa nthawi yomweyo.

Kasamalidwe: Apa palibe choposa thonje. Likanyowa limalimba m'malo mofooka, choncho limapirira kufikisa, mwala, madzi owira ndi simbi yotentha kwambiri. Loyera limalola Jik. Limafupika pang'ono pochapa koyamba, ndiye nsalu ya pabedi muigule yotsalako masentimita angapo mbali zonse. Limachedwa kuuma, ndipo likapindidwa lisanaumitsitse limachita chuku chosiya timadontho takuda tosachoka.

Zoopsa: Thonje lonyowa limaba kutentha kwa thupi. Madzi amadzaza mipata ya mpweya ija, nsalu imamatirira pakhungu, ndipo mphepo ikawomba munthu amazizidwa kuposa mmene akanazizidwira. Kunyumba zimenezi n'zosautsa chabe, koma pa Mulanje, pamene nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, kapena m'bwato pakati pa nyanja usiku wa mwera, jinzi ndi malaya a thonje onyowa akhoza kuika moyo pa chiswe. Limagwiranso moto mosavuta, makamaka flaneli wa bweyabweya, ndipo limanyekera m'kati lawi litazima. Monga bulangete, thonje limafuna kulemera kwambiri kuti lifanane ndi ubweya. Malo ake enieni ndi pakhungu, pansi pa chofunda china.

Poliyesitala ndi akiriliki

M'gulu limeneli muli fulisi (nsalu yopepuka yofewa ya bweyabweya), majuzi ambiri a yunifolomu ya sukulu, maduveti otsika mtengo, ndi mabulangete onyezimira a maluwa ndi akambuku otchedwa mink kapena 2-ply. Dzinalo lisakusokonezeni, mulibe ubweya wa nyama iliyonse. Zonsezi zimapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi.

Mtengo: Palibe chimene chimapereka kutentha kochuluka pa ndalama yochepa kuposa gulu limeneli, ndipo kwa banja lofunika mabulangete asanu nthawi imodzi mfundo imeneyi ndi yaikulu. Kukhalitsa ndiye kumasiyana. Ulusi wake ndi wolimba, suduka msanga, koma umaphwa. Bweya wa pamwamba ukagona ndi kumatana, bulangete limakhala lidakali lamphumphu koma kutentha kwachepa. Duveti la poliyesitala limachita mabuma, pakati n'kutsala nsalu yokha.

Kapezekedwe: Paliponse, chaka chonse, kuyambira m'masitolo a m'tauni mpaka pa msika wa kumudzi, kukula kulikonse.

Kasamalidwe: Fulisi ndi wosavuta. Amalola sopo aliyense wamba, safupika, njenjete sizimudya, ndipo amauma pa maola ochepa. Ambiri amachapidwa pa madigiri 40, ena amalola 60, choncho werengani lebulo. Akiriliki amatamuka m'madzi otentha ndipo sabwerera. Simbi yotentha imasungunula zonse ziwiri n'kusiya chipsera chonyezimira. Bulangete la 2-ply ndi nkhani ina. Louma limalemera kale makilogalamu angapo, ndipo likanyowa madzi amadzaza pakati pa magawo ake awiri mpaka kufunika anthu awiri polifinya. Limamwa ndowa zambiri potsukuluza, sililowa m'makina ang'onoang'ono, ndipo m'masiku a chiperoni likhoza kutha masiku awiri kapena atatu pa chingwe, n'kuyamba kununkha m'kati. Kumene madzi ndi otunga patali, mabulangete awiri opyapyala ndi abwino kuposa limodzi lotere.

Zoopsa: Moto ndiwo woyamba. Akiriliki amayaka mwamphamvu, poliyesitala amasungunuka n'kudontha, ndipo chosungunukacho chimamatirira pakhungu n'kupitiriza kuwotcha, bala n'kuzama. Mwana wovala fulisi akuwotha moto, gogo wofunda mink pafupi ndi mbaula, kandulo yoyikidwa pampando pambali pa bedi magetsi atazima, zonsezi n'zoyenera kuziganizira musanagule. Chachiwiri ndi thukuta ndi fungo. Poliyesitala amakoka mafuta a m'thupi, ndipo tizilombo toyambitsa fungo timaswana bwino pamenepo, choncho chovala chake chimafuna kuchapidwa pafupipafupi, masokosi ndiye osanena. Amachitanso timibulu pamwamba ndi kuthetheka m'nyengo youma. Pochapa amataya tizidutswa ta pulasitiki tosaoneka ndi maso, timene sitiola, ndipo ochapira kumtsinje kapena kunyanja amatisiya momwemo.

Nthenga

Mtengo: Duveti kapena jekete ya nthenga zofewa za pachifuwa cha bakha kapena tsekwe ndi yodula, nthawi zina kuposa ubweya. Lebulo ya 80/20 ikutanthauza magawo 80 a nthenga zofewa ndi 20 a nthenga wamba.

Kapezekedwe: Kuno n'zosowa, kupatula majekete a pa kaunjika. Ku Britain n'zofala, ndipo kutentha kwa duveti kumayezedwa ndi tog: 4.5 wa nyengo yotentha, 10.5 wa pakatikati, 13.5 wa chisanu.

Kasamalidwe: Zimafuna makina aakulu oumitsira. Zoyanikidwa pa chingwe zimauma kunja, m'kati n'kutsala zibuma zonyowa zimene zimachita chuku ndi kununkha.

Zoopsa: Poyerekeza ndi kulemera kwake palibe chotentha kuposa nthenga, koma zikanyowa zimaphwa n'kusiya kutenthetsa. Kabowo kamodzi kamataya nthenga tsiku lililonse, ndipo pali anthu ena amene chifuwa chawo sichigwirizana nazo.

Choyenera ndani

Banja la kumalo okwera ndi ozizira, monga Dedza, Tsangano, Mzuzu, Thyolo kapena Angónia ku Mozambique, kumene chisanu chimabwera ndi nkhungu, ndilo limapindula kwambiri ndi ubweya. Yalani nsalu ya thonje pakhungu, bulangete la ubweya pamwamba pake, ndipo fulisi wopyapyala akhale woonjezera usiku wozizira kwambiri wa Juni ndi Julayi. Ngati m'chipindamo mumayaka kandulo kapena koloboyi, ubweya ndiwo ukhale pamwamba pa zonse. Ndalama zikakwana bulangete limodzi lokha la ubweya, lipite kwa okalamba.

Kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, monga Mangochi, Salima, Karonga, Chikwawa ndi Nsanje, ubweya ungakhale m'bokosi miyezi khumi ukudikira njenjete. Nsalu za thonje lenileni ndi fulisi mmodzi wopepuka wa masiku a mwera n'zokwanira.

Mwana wopita ku sukulu yogonera komweko adzachapa yekha ndi sopo amene ali naye, ndipo nsikidzi zikabuka zonse zidzafunika madzi otentha. Mugulireni nsalu za pabedi za thonje ndi mabulangete awiri a poliyesitala opyapyala, osati 2-ply. N'chimodzimodzinso kwa wodwala wogonera pabedi ndi mwana wokodzera pogona: chilichonse chizitha kuchapidwa lero n'kuuma lero lomwe. Kumene kwabuka mphere, chinthu cha ubweya chitsekeredwe m'thumba la pulasitiki kwa masiku osachepera atatu.

Khanda losakwana chaka lisafunditsidwe duveti, mink kapena chikopa cha nkhosa. Kutenthedwa kwambiri ndi kuphimbika nkhope ndi zoopsa kuposa kuzizira pang'ono. Bulangete lopepuka la thonje la timabowo, lofika pachifuwa, lopindiridwa pansi pa matiresi, ndi lokwanira, ndipo kukazizira muonjezere chovala m'malo mwa chofunda cholemera. Kajuzi ka merino wosalala n'kabwino ngati khungu la mwanayo silikufiira.

Alonda a usiku, a kabaza wa njinga yamoto oyamba ntchito m'mamawa, asodzi ndi onyamula katundu pa phiri amatuluka thukuta kenako n'kuima pamphepo. Awa afunefune juzi ya ubweya pa kaunjika ndi masokosi osakaniza ndi nayiloni. Juzi yolukidwa imalowetsa mphepo, choncho pamwamba pake pafunika jekete yotchinga. Pansi pake pasakhale malaya a thonje ngati ntchitoyo ndi yonyowetsa.

Aliyense amene amakhala pafupi ndi moto nthawi yaitali, makamaka odwala khunyu, okalamba ndi ana ongoyamba kuyenda, asavale akiriliki kapena fulisi powotha. Ubweya ndiwo woyamba, ndipo ukasowa, thonje lokhuthala lolukidwa mothinana lisankhidwe m'malo mwa nsalu yosungunuka.

Amene ali ku Johannesburg, kumene usiku wa Juni umafika pafupi ndi ziro ndipo zipinda zambiri zimatenthetsedwa ndi hita ya parafini kapena ya magetsi, ali pafupi ndi msika wa mabulangete a ubweya, ndipo ndi bwino kulipira mtengo wakewo. Ku Britain, kumene kuzizira kumabwera ndi mvula kwa miyezi yambiri, malaya a m'kati a merino pansi pa yunifolomu ya ntchito amathandiza kuposa juzi yachiwiri, ndipo pabedi duveti la tog 10.5 loonjezera bulangete la ubweya limasinthika mosavuta ndi nyengo kusiyana ndi limodzi la 13.5.